Kujambula kuwala pakhadi lakuda: mafunso ndi mayankho kwa aphunzitsi a zojambula ku Silverest

Mwana amene anatumidwapo kukatsuka mphika wochoka pambaula amadziwa kamasewera kena kamene palibe anamuphunzitsa. Asanayambe kukwecha, amatola kamtengo n'kulemba dzina lake pamwaye wa kunsi kwa mphikawo. Zilembo zimatuluka zili mbee, chifukwa pansi pa mwaye pali chitsulo chowala. Mwanayo sanapake kanthu, wangochotsa chakuda ndipo choyera chaonekera. Luso limene ku America amalitchula kuti scratchboard, ku Britain scraperboard, lagona pomwepo.

Silverest ili m'boma la Chongwe, m'mbali mwa msewu wa Great East Road, munthu akapitirira mphambano ya ku bwalo la ndege la Kenneth Kaunda kulowera kum'mawa. Zaka zapitazi derali lakula mofulumira: nyumba zatsopano, masitolo a zipangizo zomangira, sukulu za boma ndi zomwe si za boma, ndiponso nthambi ya University of Lusaka. Ana ndi ambiri. Zojambula zilipo pandandanda wa maphunziro, ku pulaimale m'kati mwa Expressive Arts, ku sekondale monga Art and Design. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi zipangizo, ndipo mpamene luso lokanda limathandiza, chifukwa zambiri zofunika pa lusoli zili kale m'golosale ndi m'khitchini.

Kodi scratchboard n'chiyani kwenikweni?

Ndi thabwa lopyapyala kapena khadi lolimba lokhala ndi zinthu ziwiri pamwamba pake. Choyamba ndi dongo loyera la kaolin, lija amaumbira mbale ndi makapu osweka, lomatidwa ndi kusalazidwa mpaka kufanana ndi chigoba cha dzira. Chachiwiri ndi inki yakuda yokuta dongo lonselo. Wojambula amatenga kampeni kapena singano n'kumakanda inkiyo, ndipo paliponse pamene nsonga yadutsa pamatsala mzere woyera.

Inki yake, yotchedwa India ink, imapangidwa ndi mwaye wosalala kwambiri, madzi ndi zomatira. Choncho mphika uja ndi thabwa la kusitolo n'zapachibale ndithu.

Lusoli linachokera kuti, nanga linatchuka bwanji?

Linabadwira m'nyumba zosindikizira mabuku za ku Ulaya m'zaka za m'ma 1800. Kale chithunzi chisanalowe m'buku, mmisiri ankayamba wachizokota pamtengo wolimba, ntchito yodya masiku. Katswiri wodziwika pa ntchitoyo anali Thomas Bewick wa ku England, amene anabadwa mu 1753 n'kumwalira mu 1828. Mbalame za m'buku lake la A History of British Birds, lomwe gawo lake loyamba linatuluka mu 1797, zimaoneka nthenga iliyonse payokha. Kwa Bewick, chimene mpeni wachotsa ndicho kuwala. Kamera italowa m'ntchito yosindikiza, amisiri anaona kuti palibenso chifukwa cholimbanirana ndi mtengo. Thabwa la dongo ndi inki linkapereka maonekedwe omwewo mwamsanga, ndipo chithunzi chikatha ankangochitola ndi kamera n'kupangira chosindikizira.

Chithunzi chotere chili ndi mitundu iwiri yokha, wakuda ndi woyera, moti ngakhale papepala lotchipa la nyuzipepala chimatuluka chakuthwa. N'chifukwa chake kuyambira cha m'ma 1930 mpaka m'ma 1950 otsatsa malonda ndi osindikiza mabuku a zachipatala ndi a sayansi ankalidalira kwambiri. Ku America, Virgil Finlay anajambula nalo zithunzi zambiri za m'magazini a nthano monga Weird Tales.

Mpaka lero lili moyo, makamaka m'mabuku a ana. Beth Krommes analandira mendulo ya Caldecott mu 2009 chifukwa cha zithunzi zokanda za m'buku la The House in the Night. Brian Pinkney wajambula nalo mabuku a mbiri za anthu akuda otchuka, monga la woimba Duke Ellington. Mu 2011 amisiri ake anakhazikitsa bungwe lawo, International Society of Scratchboard Artists.

Kodi si luso lachilendo kwa mwana wa ku Chongwe?

Chachilendo ndi dzina lokha. Mayi woumba mbiya amalocha mizere pakhosi pa mbiya dongo lisanaume. Wokongoletsa chipanda amakanda khungu lake ndi nsonga ya mpeni. Osema ziboliboli ena amayamba adetsa mtengo, kenaka n'kuukanda kuti woyera wam'kati uoneke ngati mawanga a nyama. Kuphanga la Chifubwa pafupi ndi Solwezi kuli zizindikiro zimene anthu akale anazokota pathanthwe, ndipo kuphanga la Blombos ku South Africa kunapezeka timiyala tofiira tokandidwa mizere yopingasana zaka zoposa 70,000 zapitazo.

Ku Zambia kulinso mbiri ya luso losindikiza pamanja, lomwe ndi m'bale wake wa scratchboard. Henry Tayali, amene anabadwira ku Serenje mu 1943 n'kumwalira mu 1987, amadziwika ndi chiboliboli cha The Graduate pa University of Zambia, pamsewu womwewu wa Great East Road, koma ankazokotanso matabwa n'kusindikiza zithunzi za makamu a anthu. Cynthia Zukas, amene anakhazikitsa Lechwe Trust mu 1986 pamodzi ndi Tayali ndi Bente Lorenz, wasindikiza zithunzi za moyo wa tsiku ndi tsiku kwa zaka zambiri. Ku Namibia kunali John Muafangejo, amene zithunzi zake zakuda ndi zoyera zozokota pa lino zinafika m'maiko ambiri. Mwana amene waphunzira kukanda khadi amakhala wayamba kale kuganiza ngati amisiri amenewa: asanakhudze, amayamba wasankha chimene chichoke ndi chimene chitsale.

Bwanji osangowapatsa pensulo ndi pepala monga mwa nthawi zonse?

Pensulo ili ndi malo ake, koma imaphunzitsa mwana chizolowezi chimodzi chovuta kuchichotsa: kuzunguliza mpanda. Mwana akauzidwa kujambula mbuzi, amalemba mzere wozungulira thupi, miyendo inayi, nyanga, basi watha. Sayang'ana mbuzi yeniyeni, amajambula imene ili kale m'mutu mwake. Pakhadi lakuda mpanda suthandiza. Kuti mbuzi ioneke, mwana ayenera kufunsa kumene dzuwa likuchokera, pamene lagunda msana, pamene ubweya wanyezimira ndi pamene pagona mthunzi. Pensulo imajambula mthunzi, msomali umajambula kuwala, ndipo mwana amene wayesapo zonse ziwiri amayamba kuona zinthu mwatsopano ngakhale akabwerera ku pensulo.

Pali chinanso chimene chimakhudza mtima. Tayang'anani m'makope a ana akajambula amayi awo ndi pensulo. Nkhope amaisiya yoyera ngati pepalalo, chifukwa kuidetsa amaopa kuti maso ndi mphuno zisowa. Ena akalimba mtima n'kudetsa, nkhope yonse imangoti bii. Pakhadi lakuda khungu lakuda lilipo kale. Chotsala n'kupeza pamene likuwala: pachipumi, pamsana wa mphuno, pafupa la tsaya, pamlomo wam'munsi, ndi kadontho ka m'diso. Timizere tochepa m'malo amenewa, nkhope ya munthu wa kwathu imadzuka m'khadimo ili ndi ulemu wake wonse. Pachifukwa ichi chokha, lusoli liyenera kupatsidwa masabata angapo pa chaka.

Matabwa ake ndi ochokera kunja ndipo ndi odula. Mphunzitsi wa ku Silverest atani?

Matabwa odziwika ndi a Essdee a ku Britain ndi a Ampersand a ku Texas. Kugulira kalasi yonse n'kosatheka kwa sukulu zambiri, ndipo kudikira kuti ndalama yake idzapezeke n'kudikira mvula m'mwezi wa Juni. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Khadi lophunzirira limapangidwa m'kalasi momwemo, ndipo kulipanga ndi phunziro kale.

Kwa ana aang'ono, makrayoni okha ndi okwana. Mwana amapaka mitundu yowala, yachikasu, yofiira, yobiriwira, motsindika mpaka pepala lisaonekenso. Pamwamba pake amapakapo krayoni wakuda motsindikanso. Akakanda ndi kamtengo, mitundu yapansi imatulukira. Mizere yake sikhala yakuthwa, koma chisangalalo chake n'chachikulu, ndipo palibe chonyowa choti chitayikire pa yunifolomu.

Kwa okulirapo, njira yabwino ndi ya kandulo ndi penti. Pamafunika khadi loyera losalala, monga manila wokhuthala kapena katoni yoyera ya bokosi, lodulidwa kukula ngati chikhatho. Mwana amapaka kandulo pakhadi lonse, choimirira kenaka chopingasa, n'kupukuta ndi kansalu mpaka phula lisalale. Akaliyang'ana chopendeka padzuwa, malo amene kandulo sinafike amaoneka osanyezimira, ndipo ayenera kubwerezapo, chifukwa pamenepo penti imalowa m'pepala n'kukana kuchoka. Kenaka mphunzitsi amasakaniza penti yakuda ya madzi, ija ya poster, ndi madontho ochepa a sopo wamadzi wotsukira mbale. Popanda sopo penti imathawa paphula n'kuundana timadontho ngati mame patsamba la koko. Sopo ndiye amaigoneka. Akachuluka, penti imachita thovu ndipo imakhala yonata ngakhale itauma. Penti ikalimba kwambiri, imasweka n'kumagwa zibenthu pokanda. Muyeso wake umapezeka poyesa pa kachidutswa, popeza penti zimasiyana, choncho mphunzitsi ayese yekha kunyumba sabata imodzi phunziro lisanafike.

Amapaka kawiri mopyapyala, ulendo wachiwiri mopingasa woyamba utauma. Makhadi aume pamthunzi usiku wonse. Dzuwa la mwezi wa Okutobala limafewetsa phula n'kupinda khadi, pamene nthawi ya dzinja chinyezi chimachedwetsa kuuma, moti ndi bwino kuwapatsa masiku awiri.

Ophunzira a ku sekondale amene akufuna chinthu chofanana ndi thabwa lenileni angapemphe zidutswa za hardboard kwa akalipentala, n'kuzipaka penti yoyera ya PVA yosakaniza ndi ufa wa choko, katatu kapena kanayi, akusalaza ndi sandipepa wofewa ulendo uliwonse ikauma. Pomaliza amapakapo India ink mopyapyala. Imeneyi imatenga nthawi, koma mzere wake umatuluka wopyapyala ngati tsitsi.

Nanga chokandira?

Msomali watsopano ndi wokwana kuyambira. Singano yolowetsedwa m'chikhokho cha bolopeni yotha inki, n'kumangidwa ndi ulusi, imapereka mzere wopyapyala. Sipoko ya njinga yonoledwa pamwala kuti nsonga iphwatalale imapala malo otakata. Kamtengo ka nsungwi kosongoledwa n'kabwino kwa ana aang'ono chifukwa sikaboola pepala. Kachidutswa ka sitiliwulo wotsukira miphika kamatulutsa utsi, fumbi ndi mitambo.

Lezala isalowe m'kalasi. Ilibe chogwirira, imatema zala, ndipo ana amabwerekana, zimene zingapatsirane matenda kudzera m'magazi. Misomali yadzimbiri yotola pamalo omanga nyumba, yomwe ku Silverest ili mbwee, nayonso ayi, chifukwa bala la chitsulo chauve lingabweretse kafumbata. Zokandira ziwerengedwe pogawa ndi potolera, ndipo ana aphunzire lamulo limodzi asanakhudze khadi: dzanja logwira khadi likhale kumbuyo kwa nsonga, osati kutsogolo kwake.

Phunziro loyamba liyende bwanji?

Tsiku loyamba pasakhale kujambula chinthu. Mwana aliyense alandire kachidutswa kakatali ngati rula, akagawe timabokosi tisanu. Koyamba akasiye kakuda. Kachiwiri akande mizere yotalikirana, kachitatu yoyandikana, kachinayi yopingasana, komaliza apale mpaka kuyera. Akatha, mphunzitsi atenge kachidutswa kamodzi n'kukaima nako kumapeto kwa kalasi. Ali patali, ana amaona makwerero ochoka pamdima kufika pakuwala, ndi zotuwa pakati, chonsecho palibe amene wapaka utoto wotuwa. Diso ndilo lasakaniza. Apa mpamene ana amagwira mfundo yaikulu ya lusoli, yosemphana ndi ya pensulo: mizere ikachuluka, malowo amawala.

Mitundu ya mizere safunika kuiloweza ndi maina a m'mabuku. Ili kale pakhomo. Mizere yogona mbali imodzi ndi udzu wofolera denga. Yopingasana ndi maluko a lichero. Madontho ndi mawanga a nkhanga. Yokhota motsata thupi la chinthu ndi mizere ya dzungu, yomwe imauza diso kuti chinthucho n'chobulungira. Mphunzitsi akabwera ndi lichero, nthenga ya nkhanga ndi chimanga chosasenda n'kuziyendetsa m'kalasi, ana amazigwira, n'kumva ndi zala kumene mizere ikulowera.

Kagwiridwe kalinso ndi mfundo zake. Nsonga ipendeke pang'ono, dzanja lipepuke. Cholinga n'kuchotsa penti yokha, osati kukumba pepala. Pansi pa dzanja pakhale kapepala koyera, popeza thukuta ndi mafuta a m'zala zimasiya zidindo. Zinyenyeswa zakuda zichotsedwe ndi nthenga kapena kaburashi kofewa. Kupukuta ndi chala kumadetsa mizere yoyera, ndipo kuuzira ndi pakamwa kumagwetsera malovu pakhadi ndi fumbi m'maso mwa mnzake.

Kuwala kuphunzitsidwa bwanji m'kalasi yowala mbali zonse?

Ndi katoni. Mphunzitsi apake m'kati mwake penti yakuda yotsala, aigoneke chammbali kuti kukamwa kwake kuyang'ane ana, aboole kabowo kumbali imodzi, n'kuikapo tochi ya foni. M'katimo aikemo dzira. Mbali imodzi ya dziralo imawala kwambiri, kuwalako kumazilala pang'onopang'ono, ndipo mbali inayo imamira mumdima moti malire ake saoneka n'komwe. Ana ajambule zimene akuonazo, osati dzira limene akulidziwa. Ambiri amafuna kutseka mbali yamdimayo ndi mzere kuti dzira likwane. Mphunzitsi awaletse mofatsa, n'kuwaonetsa kuti diso la woonera limamaliza lokha.

Ana a ku Zambia kuwala kwa mbali imodzi amakudziwa bwino. M'chaka cha 2024 chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo mabanja ambiri ankadya nsima yamadzulo pakandulo, patochi kapena pakuwala kwa mbaula. Homuweki yabwino ndi yoti mwana akayang'ane nkhope ya m'bale wake pakuwala koteroko, n'kubwera mawa atauza kalasi mbali zimene zinaoneka ndi zimene zinabisika. Palibe buku limene lingamuonetse zimenezo kuposa chakudya chamadzulo cha kwawo.

Ayambe ndi kujambula chiyani?

Chilichonse cha ubweya, nthenga, mamba kapena mitsitsi. Nkhanga ndi mphunzitsi wabwino wa madontho: aakulu ndi oyandikana pamsana pamene kuwala kwagunda, aang'ono ndi osowa polowera kumimba. Tambala amaphunzitsa mizere yaitali yokhota ya kumchira. Mphaka amaphunzitsa kuti ubweya uli ndi kolowera kwake, kuchoka pamphuno kufalikira kumakutu ndi kumasaya, ndipo mzere umodzi wosemphana nawo umaoneka ngati bala. Nkhwazi, mbalame ya pambendera ya Zambia, ili ndi mutu ndi chifuwa zoyera ndi mapiko akuda, ngati kuti inalengedwera khadi lotere. Mbidzi imakopa ana, koma ndi yovuta kuposa mmene imaonekera, popeza mizere yake iyenera kukhota motsata mimba ndi ntchafu.

M'boma la Chongwe, dziko la Asoli, mvula isanayambe kumachitika mwambo wa Chakwela Makumbi, wotsogozedwa ndi Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, wopempha mvula ndi kutsegulira nyengo yolima. Mitambo yakuda yong'ambika ndi kuwala, utsi wa m'munda wotenthedwa, khasu lonyezimira kunsonga, zonsezi ndi nkhani zokwanira khadi lakuda, ndipo ana ena anaziona ndi maso awo.

Chithunzi chiyambe papepala wamba. Chikakoma, mwana apake choko kumbuyo kwake, aligoneke pakhadi, n'kutsata mizere ikuluikulu ndi bolopeni mopepuka. Pakhadi pamatsala kanjira ka choko kongolozera, kamene kamachoka ndi nthenga ntchito ikatha. Kanjirako si kokanda. Amene wakatsata ndi msomali amabwerera kumpanda kuja, ndipo chithunzi chimaoneka ngati cha choko pabolodi.

Mwana akalakwitsa?

Mawu akuti "Aphunzitsi, ndaononga" amamveka mphindi khumi zoyamba zisanathe. Yankho lili m'kabotolo ka penti yotsala ndi kaburashi kakang'ono patebulo la mphunzitsi. Kadontho kamodzi pamalo olakwika, kudikira kuti paume, n'kukandanso. Pamalo pamodzi zimatheka kamodzi kapena kawiri, kupitirira apo phula limatha ndipo pepala limayamba kunyotsoka.

Mphunzitsi asafulumire kutulutsa kabotoloko. Zolakwa zambiri zimabisika zokha mizere ina ikabwera, ndipo mwana amene akudziwa kuti chofufutira chili kutali amaganiza asanakande. Cholakwa chachikulu si mzere wokhota, koma kupala kwambiri. Ana akaona kukoma kwa choyera safuna kuleka, mpaka khadi lonse limayera, nkhanga n'kusowa. Ndi bwino kuwaimitsa pakapita kanthawi, aliyense aike khadi lake patali n'kuliyang'ana atatsinzina pang'ono. Malo owala kwambiri asiyidwe mpaka kumapeto, ndipo akhale ochepa. Diso la nyama lisapalidwe lonse. Likhale lakuda, ndi kadontho kamodzi koyera kumbali yochokera kuwala.

M'kalasi ya ana ochuluka zingatheke?

Chiyambireni maphunziro aulere mu Januwale 2022, sukulu za boma ku Zambia zalandira ana ambiri, ndipo m'madera okula msanga ngati a m'mbali mwa Great East Road desiki imodzi imatha kukhala ndi ana atatu. Luso lokanda limapirira zimenezi kuposa penti, chifukwa tsiku lojambula palibe madzi, palibe maburashi otsuka, ndipo khadi la chikhatho limakwana pangodya ya desiki. Manila mmodzi amatulutsa makhadi ambiri.

Chovuta ndi tsiku lopanga makhadi. Limayenda bwino panja, pamthunzi wa mtengo, ana atagawidwa m'magulu: ena odula, ena opaka kandulo, ena ochepa odalirika opaka penti. Aliyense alembe dzina kumbuyo kwa khadi asanapake, apo ayi mawa lake kumakhala mkangano, popeza makhadi akuda amafanana onse. Chodabwitsa n'choti tsiku lokanda kalasi imakhala zii. Chimamveka ndi kaphokoso ka misomali kokha, ngati mbewa m'nkhokwe, ndipo ana amene sachedwa kutopa ndi phunziro amapezeka ataweramira khadi mpaka belu.

Mitundu ingalowemo?

Ingalowe, koma pambuyo. Pathabwa la dongo kapena la PVA, amisiri amapaka inki yamitundu yopyapyala pamalo okandidwa, n'kukandanso pamwamba pake kuti kuwala kubwerere. Krommes m'buku lake lija anangowonjezera chikasu m'malo ochepa, panyale, pamwezi ndi pa nyenyezi. Pakhadi la kandulo utoto wa madzi sugwira, choncho mtundu uyenera kuikidwa pansi ndi makrayoni penti yakuda isanapakidwe. Amene akufuna lipombo la tambala lofiira apake krayoni wofiira pamalo pake, n'kusunga pepala lomukumbutsa pamene pali mtundu uliwonse.

Malikisi aperekedwe potengera chiyani?

Kufanana ndi chinthu chenicheni kusakhale muyeso wokhawo, chifukwa kumapindulitsa ana omwe aja odziwa kale kujambula. Mphunzitsi ayang'ane ngati makwerero asanu aja akupezeka m'chithunzi, ngati kuwala kukuchokera mbali imodzi, ngati mizere ikutsata thupi la chinthu, ndiponso ngati mwana wasiya chakuda chokwanira. Kachidutswa koyeserera ndi pepala la pensulo zisungidwe pamodzi ndi khadi lomaliza. Zimaonetsa njira imene mwana wayenda, ndipo chizolowezi chosunga ntchito yokonzekera chimathandiza amene adzalembe Art and Design pa mayeso a Examinations Council of Zambia.

Mwana amene lusoli lamulowa m'magazi apite kuti?

Lusaka ili pafupi, ulendo wa minibasi. Ku Henry Tayali Art Gallery mu Showgrounds, ku Lechwe Trust Art Gallery ndi ku Lusaka National Museum, ana angaone ntchito za amisiri a ku Zambia maso ndi maso, n'kufunafuna m'zithunzi zosindikiza mizere ya lichero ndi ya udzu imene aphunzira. Amene akufuna kupitiriza akamaliza sekondale, Evelyn Hone College yakhala ikuphunzitsa aphunzitsi a zojambula kwa zaka zambiri, ndipo Zambian Open University ili ndi digiri ya zaluso. Sitepe yotsatira pambuyo pa khadi ndi lino kapena thabwa lozokota, pomwe chithunzi chimodzi chimasindikizidwa kambirimbiri.

Zomalizidwa zisungidwe bwanji?

Khadi la kandulo silichedwa kukalika. Pakati pa makhadi awiri pakhale pepala loyera, ndipo onse agone m'bokosi kutali ndi dzuwa ndi chinyezi. Poonetsa makolo, amakoma akamatidwa pa manila woyera wokulirapo kuti chakuda chikhale ndi malire. Potola ndi foni, khadi liikidwe pamthunzi panja, popanda fulashi, chifukwa phula limanyezimira n'kuphimba mizere.

Pomaliza pali makina a fotokope. Popeza chithunzicho chilibe zotuwa zenizeni, makina a pasitolo iliyonse amachitulutsa chakuthwa, monga mmene makina osindikizira nyuzipepala ankachitira m'ma 1930. Nkhanga ya mwana wa giredi 6 ingakhale pachikuto cha magazini ya sukulu, pakalata yoitanira makolo kumsonkhano, kapena pamakhadi a Khirisimasi ogulitsa kuti kalasi ipeze ndalama ya manila ndi makandulo a teremu yotsatira. Poika khadi pagalasi la makinawo, pamwamba pake pavundikiridwe ndi pepala loyera, ndipo lisakhalitsepo, chifukwa galasilo limafunda.